Mmene mungakonzere Othello pa drama kilabu yanu kuti anthu amukhulupirire Iago

Ngati gulu lanu la drama, kaya ndi la pasukulu kaya la achinyamata a kutchalitchi kuno ku Chipata, latopa ndi timasewero tija ta mphindi 10 ta bambo woledzera wabwera usiku mayi amutsekera chitseko anthu aseka basi kwatha, yesani Othello. Analemba ndi William Shakespeare cha m'ma 1603 kapena 1604, ndipo pa 1 November 1604 linaseweredwa kunyumba yachifumu ku Whitehall mu London, ndiye ndi lakale zedi koma nkhani yake mutaikamba pa Kapata osatchula maina anthu angayambe kufunsana kuti kodi ukunena banja liti. Mwini wake anamwalira mu 1616 so palibe woti mumulipire, sikiripiti ili yaulere pa intaneti, kabando kakang'ono kakwana.

Nkhani yake mwachidule ndi iyi. Othello ndi munthu wakuda, mkulu wa asilikali a boma la Venice. Wakwatira mwamseri Desdemona mwana wa Brabantio, mmodzi wa akuluakulu a mzindawo. Kuntchito wakweza Cassio kukhala wachiwiri wake nkusiya Iago amene wayenda naye m'nkhondo zambiri, Iago watsala wonyamula mbendera chabe. Boma liwatumiza kuchilumba cha Cyprus kukatchinga asilikali a Turkey, koma zombo za adaniwo zisweka ndi namondwe nkhondo osamenyedwa, ndiye asilikali angokhala opanda chochita ndipo m'menemo ndi momwe Iago ayambira ntchito yake. Aledzeretsa Cassio mpaka achotsedwa paudindo, amulangiza kuti akadandaule kudzera kwa madamu, kenako ayamba kumudontheza Othello pang'onopang'ono kuti madamu akumuchonderera Cassio chifukwa pali chibwenzi. Kahanki ka Desdemona kapezeka kwa Cassio. Othello apha mkazi wake pabedi, Emilia mkazi wa Iago, amene amatumikira Desdemona, aulula zonse, Iago amubaya, Othello adzipha.

Manje pomwe magulu ambiri amaphera seweroli lisanayambe nkomwe ndi posankha Iago. Dayirekita amayang'ana m'gulu nkutenga mnyamata uja wa nkhope yoopsa, amuveka zakuda zokhazokha, akuyenda monyang'ama akupotoza milomo nkumaseka kuseka kwachimfiti. Mukatero oonerera amangoti Othello ndi chitsiru, munthu wooneka chonchi ungamumvere bwanji, ndipo chitsiru chikamafa anthu samva chisoni amangoti zake zimenezo. Werengani bwino sikiripiti muone, aliyense mmenemo amamukhulupirira Iago. Othello amamutchula wokhulupirika mobwerezabwereza, Cassio atachotsedwa ntchito akulira amene akumutonthoza ndi Iago, Roderigo, mnyamata wandalama amene amafuna Desdemona, akumupatsa ndalama ndi mphatso zodula kuti akapereke kwa Desdemona iye nkumadya, ngakhale Desdemona weniweniyo atanyozedwa ndi mwamuna wake kuti ndi hule amatuma Emilia kuti akaitane Iago yemweyo nkumufunsa kuti ndichite chani kuti bambo andikondenso. Anthu onsewa sangakhale zitsiru nthawi imodzi.

Ndiye sankhani munthu amene m'gulu mwanumo aliyense amamuuza zinsinsi. Uja amasunga ndalama za gulu, uja anthu akayambana ndiye amayanjanitsa, wanthabwala, woti akangolowa m'holo aliyense amasuka. Pa odishoni musamupatse mawu oipa ayi, mupatseni kasini koti mnzake wachotsedwa ntchito ndiye amutonthoze. Amene angakukhudzeni mtima potonthoza mpaka inu muiwale kuti ndi odishoni, Iago wanu ndi ameneyo. Koma akhalenso munthu wosajomba pulakatisi komanso wamutu wogwira, kaili Iago ali ndi mawu ambiri kuposa Othello mwini sewero, mizere yoposa 1,000 mu sikiripiti yathunthu. Sakuyenera kukhala mdala, iye mwini amanena kuti ali ndi zaka 28.

Wosewerayo adzakufunsani kuti kodi Iago akuchitiranji zonsezi. Musamupatse yankho limodzi chifukwa nalo sewero silipereka limodzi. Kwa Roderigo akukamba za pulomoshoni, ati Cassio ndi munthu wamasamu wa ku Florence sanatsogolerepo asilikali kunkhondo. Akatsala yekha akukamba kuti kunja kuli mphekesera yoti Othello anagona ndi Emilia, ndipo akuvomera yekha kuti sakudziwa ngati ndi zoona koma achita ngati ndi zoona. Kutsogoloku akumuganiziranso Cassio zomwezo. Ine ndimaona kuti kaduka kanayamba kalekale, zifukwazi akungozitola m'njira kuti akhale ndi chodziuza. Ndipo nthawi zimene watsala yekha pa siteji abwere kutsogolo kwenikweni, ayang'ane anthu m'maso, akambe nawo mwaubwenzi, nkhope isasinthe kukhala yachilombo. Kumwetulira komwe amamwetulira kwa Othello ndi komweko amwetulire akuuza oonerera pulani yake. Anthu adzaseka naye poyamba, asiyeni aseke, adzachita manyazi okha kumapeto.

Za sikiripiti. Lathunthu limapitirira maola atatu ndipo Chingerezi chake olo aphunzitsi a Literature amatuluka nacho thukuta, so musavutike kumasulira mzere ndi mzere, zimatuluka Chinyanja chouma choti palibe munthu amakamba. Munthu mmodzi kapena awiri awerenge lonse, kenako afotokozere gulu sini iliyonse pakamwa, ndani akufuna chani kwa ndani, osewera aimirire ayese ndi mawu awoawo, inu mujambule pa foni, usiku mumvetsere nkulemba zomwe zinagwira mtima. Mukatero bwererani ku sikiripiti ya Shakespeare kukaona ngati simunataye mfundo yofunika. Njira yochita drama m'zilankhulo zathu si yachilendo kuno, a Chikwakwa Theatre a pa University of Zambia ankayenda nayo m'zigawo m'zaka za m'ma 1970. Mawu akakhazikika aliyense ajambule gawo lake pa voice note aponye pa gulu la WhatsApp kuti anzake aziloweza akuyenda. Dulani mpaka lifike ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndipo ngati ndi la mpikisano wa mabungwe a zaluso ndi drama a NASAAZ kapena NATAAZ funsiranitu nthawi yomwe amalola. Wanthabwala wa m'seweromo ndi oimba chotsani palibe adzawasowe, wolengeza chikondwerero chotsani, Gratiano muphatikizeni ndi Lodovico akhale munthu mmodzi, kaili onse ndi achibale a Desdemona. Akazi m'seweroli alipo atatu chabe, Desdemona, Emilia ndi Bianca chibwenzi cha Cassio, pomwe makilabu athu atsikana ndiye ochuluka, ndiye mtsogoleri wa Venice, Montano bwanamkubwa wakale wa Cyprus ngakhale Lodovico apatseni atsikana palibe chiwonongeke.

Polemba samalani ulemu. Iago kwa Othello ndi "bwana" ndi "inu" mpaka kumapeto, Othello kwa Iago ndi "iwe". Desdemona kwa mwamuna wake ndi "inu", Emilia kwa Desdemona ndi "madamu". Musunge zimenezi mwamphamvu sewero lonse kuti pa sini yomaliza, Emilia akaona mtembo nkutembenukira kwa bwana wamkulu wa asilikali nkunena kuti "iwe, chitsiru iwe", holo yonse imve kuti chinthu chasweka.

Othello naye musamupange chilombo. Pa gawo loyamba ndi munthu wofatsa kuposa onse, Brabantio akubwera ndi anthu ndi malupanga usiku iye akungowauza modekha kuti bwezani malupanga, kenako pamaso pa akuluakulu akufotokoza mmene Desdemona anamukondera pomvetsera nkhani za moyo wake, nkhondo, ukapolo, maulendo, palibe mankhwala aliwonse monga akunenera atate ake. Mufuna munthu wamawu okhazikika woti akaima chete anthu amamvera. Akayamba ndi kukalipa sini yoyamba ndiye kumapeto adzakwera kupita kuti.

Pali vuto limodzi lomwe ku Ulaya alibe, ife tonse pa siteji ndi akuda, pomwe m'sewero Othello ndi wakuda yekha pakati pa azungu ndipo Iago amagwiritsa zimenezo. Chonde musapake anthu ufa kapena choko kumaso, zimasanduka komedi. Onetsani ndi zovala, a ku Venice onse avale mtundu umodzi, masuti a salaula akuda kapena abuluu, Othello yekha avale zosiyana, ndipo mawu onyoza aja Iago ndi Roderigo amakuwa usiku pawindo la Brabantio musawafewetse, anthu amve kuti munthuyu amamufuna pankhondo koma osati ngati mkamwini. Ndi wobwera. Ndi chifukwa chake Iago akamuuza kuti akazi a ku Venice ndimawadziwa ine inu simuwadziwa, iye alibe poyankhira. Musatenge mtundu uliwonse wa kuno kuti ukhale wonyozedwawo, mudzayambitsa zina m'holo. Kuti mudziwe kuti nkhani ya khunguyi si yongokometsera, Ira Aldridge, wakuda wa ku America, anasewera Othello ku Covent Garden mu London mu 1833 manyuzipepala ena nkumunyoza chifukwa cha khungu, Paul Robeson anasewera ku London mu 1930 ndi ku New York mu 1943, ndipo John Kani anasewera ku Market Theatre mu Johannesburg mu 1987 tsankho lidakali pamphamvu, dayirekita anali Janet Suzman.

Funso lomwe oonerera a kuno adzafunsa mumtima ndi loti ankhoswe ali kuti, bwanji osakhala pansi. Limeneli likuthandizeni. Ukwatiwu ndi wothawitsana, atate a mkazi anaukana, ndipo potsanzikana Brabantio amamuuza Othello kuti muyang'anitsitse, wanyenga atate ake angakunyengenso iwe. Mawu amenewo akambidwe momveka, Iago aime poti oonerera amuone akumvetsera, chifukwa adzawatulutsanso pa gawo lachitatu. Kenako onse apita ku Cyprus, kampu ya asilikali pakati pa nyanja, Desdemona alibe amayi, alibe azakhali, alibe nkhoswe, ali ndi Emilia yekha amenenso ndi mkazi wa mdani. Wachibale woyamba kufika ndi Lodovico pa gawo lachinayi zinthu zitaonongeka kale. Ndiye sini za ku Venice zikhale zodzaza anthu, za ku Cyprus siteji izipita ikuchepa anthu.

Sini ya mowa musaitalikitse olo anyamata adzaikonda. Cassio amanena yekha kuti mutu wake sugwirizana ndi mowa ndipo wamwa kale kapu imodzi, Iago amukakamiza mwachikondi, ati ndi chikondwerero cha bwana, aimbitsa nyimbo, Roderigo aputa Cassio, ndewu ibuka, Montano avulala, belu lilira, Othello adzuka. M'makapu ikani thobwa kapena madzi. Chofunika apa ndi umboni wa Iago, amakana kukamba, ati bola andidule lilime kusiyana ndi kuti ndimunenere zoipa Cassio, kenako afotokoza ngati akumuteteza, Othello nkuganiza kuti ngati mnzake akumuteteza chonchi ndiye kuti zenizeni ndi zoipa kuposa apa. Ndipo malangizo omwe apatsa Cassio pambuyo pake, oti pita kwa madamu akakupepesere, ndi malangizo abwino ndithu omwe aliyense wa ife angapereke.

Manje sini yomwe muyenera kuthera theka la nthawi yanu ya pulakatisi ndi gawo 3 sini 3. Ikamayamba Othello amakonda mkazi wake ndi mtima wonse, ikamatha walumbira kuti amupha, zonsezi pa sini imodzi, ndiye mukaithamangira palibe adzakhulupirire. Imayamba ndi kanthu kakang'ono. Cassio akukamba ndi Desdemona, aona bwana akubwera, achita manyazi nkuchoka msanga. Ife tingaiike chonchi:

Iago (chapansipansi): Aaa, izi ndiye ayi.
Othello: Wati chani?
Iago: Palibe bwana. Kapena... ayi, kaya.
Othello: Si Cassio uja wachoka pa mkazi wanga?
Iago: Cassio, bwana? Ayi sangakhale iye. Iye angazembe chonchija ataona inu mukubwera?

Desdemona achonderera za Cassio mwachibwana, mokakamira, ati mumuitane liti, usiku uno, mawa masana, Lachiwiri, Othello avomera momwetulira, mkazi achoka. Kenako:

Iago: Bwana, nthawi ija mumafunsira madamu, Cassio ankadziwa?
Othello: Ankadziwa zonse. Wafunsiranji?
Iago: Ayi ndimangofuna kudziwa chabe.
Othello: Ndi amene ndinkamutuma kawirikawiri.
Iago: Ooo, ndi amene mumamutuma?
Othello: Eee. Bwanji, si munthu wabwino?
Iago: Wabwino, bwana?

Onani kuti mpaka apa Iago sananame bodza olo limodzi logwirika. Akungobweza mawu a Othello, akungokhala chete pomwe amafunika kuyankha, Othello ndiye akudzaza yekha mipatayo. Ndiye uzani Iago wanu kuti asamuyang'ane Othello, mupatseni chochita m'manja, azipukuta jombo za bwana kapena azilongedza mapepala patebulo, azioneka kuti nkhaniyi akufuna ithe. Amene aziyenda kutsatira mnzake ndi Othello. Poyamba Othello akhale pampando akusaina mapepala akuyankha osadzutsa mutu, ndiyeno cholembera chiime, ndiyeno adzutse mutu, ndiyeno aimirire. Chete aliyense muwerengereni, Iago asayankhe mpaka atapuma kawiri. Ndipo amene amayamba kutchula nsanje ndi Iago, ngati chenjezo, ati bwana chenjerani ndi nsanje imadya mwini wake. Tonse tinakula tikumva kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye Iago asewere mnansi ameneyo ndi mtima wonse, wosewerayo panthawiyo akhulupirire kuti akupulumutsa bwana wake. Atatsanzika achoke ndithu mpaka pakhomo, kenako abwerere yekha kudzati bwana musaiganizire kwambiri nkhaniyi mwina ndi maso anga chabe. Kubwerera kumeneko ndi kumene kumamaliza Othello.

Othello akabweranso wasintha, amugwira Iago pakhosi ati ndionetse ndi maso anga apo ayi ufa ndiwe. Apa Iago akwiye ngati munthu wolakwiridwa, ati chilungamo changa chandipweteketsa, tengani ntchito yanu, mpaka Othello ndiye amubweze. Bodza lenileni likubwera pano, ati ndinagona chipinda chimodzi ndi Cassio, dzino limandiwawa sindinagone, ndinamumva akutchula Desdemona kutulo, nkundipsompsona, nkundiika mwendo. Holo idzaphulika kuseka kkkk palibe chomwe mungachite, koma Iago akambe mwamanyazi akuyang'ana pansi, Othello asaseke, kusekako kudzazima kokha akayang'ana nkhope ya Othello. Kenako ati ndinaona Cassio akupukuta ndevu ndi kahanki kena ka mastroberi. Sini imatha Othello atagwada akulumbira, Iago naye agwada pambali pake, Othello alamula kuti Cassio afe pasanathe masiku atatu ndipo Iago ayankha kuti chabwino koma madamu okha asiyeni akhale ndi moyo. Lamulo la Othello linali la Cassio yekha, osati lopha madamu. Mzere umenewo musaudule zivute zitani.

Kahanki. Ena adzakuuzani kuti tisinthe tiike foni kapena screenshot kuti zikhale zamakono, ine ndikuti ayi. Foni munthu angaitsegule nkuona kuti ndani anaimbira ndani, nkhani nkuthera pomwepo. Kahanki sikayankha, komanso ndi mphatso yoyamba imene Othello anapatsa Desdemona, ndipo amamuuza kuti kanali ka amayi ake, anawapatsa ndi mayi wina wa ku Egypt wodziwa zamatsenga amene anati kakadzatayika chikondi cha mwamuna chidzatha. Zoti ukwati ungagwe chifukwa cha kansalu wina wake Thomas Rymer anazinyoza kale mu 1693, koma kuno nkhani ya kansalu kosungira banja simufunika kuifotokoza kawiri. Pitani kwa telala akusokereni choyera, chokulirapo kuposa hanki wamba kuti wakumbuyo aone, aikepo madontho ofiira akuluakulu, ndipo musokeretu ziwiri chifukwa chimodzi chidzasowa tsiku lenilenilo. Desdemona azikagwira kuyambira sini yake yoyamba kuti maso a anthu akazolowere. Pogwa, Othello akudandaula mutu, mkazi afuna kumumanga nako, iye akankha dzanja ati kachepa, kagwa pakati pa siteji, onse atuluka, kasiyeni pansi kamphindi anthu akaone asanalowe Emilia. Emilia si wakuba, mwamuna wake wakhala akumuvutitsa kuti akabe, iye watola chabe kuti mwina amusekerereko kamodzi, ndipo Iago amachita kumutsomphola. Pa sini yotsatira Desdemona akufunafuna nkufunsa Emilia, iye ayankha kuti sindidziwa madamu, muikeni poti nkhope yake ionekere kwa anthu.

Sini ya pa gawo lachinayi pomwe Iago amauza Othello kuti abisale aone iye akucheza ndi Cassio, Othello abisale poti oonerera akuona nkhope yake koma iye sakumva mawu, akungoona Cassio akuseka. Cassio akuseka za Bianca, Othello akuganiza kuti ndi za mkazi wake, kenako Bianca alowa mokwiya nkumuponyera Cassio kahanki kaja ati ndi ka chibwenzi chako china. Zimenezi Iago sanakonze, ndi mwayi chabe, ndiye tione Iago akudabwa kachigawo ka sekondi kenako nkuzigwiritsa. Mbama yomwe Othello amamenya Desdemona pamaso pa Lodovico isakhale yeniyeni olo wosewerayo anene kuti palibe vuto, dzanja lidutse patsogolo pa nkhope, mtsikana atembenuze mutu, phokoso aombe m'manja ndi munthu wina amene wapereka msana kwa oonerera.

Desdemona musamupatse mtsikana wongolira. Uyu ndi munthu amene anaima pamaso pa akuluakulu a boma ndi atate ake nkunena kuti ndasankha mwamuna uyu ndipo kunkhondo ndipita naye. Emilia mupatseni wamawu amphamvu kuposa onse, mtundu wa azimayi aja akaimirira pamsonkhano amuna amayang'ana pansi. Sini ya awiriwa usiku, Desdemona akuvula zokongoletsa akukumbuka Barbary wantchito wa amayi ake amene anasiyidwa ndi mwamuna nkufa akuimba kanyimbo, pekani kanyimbo kanu kachinyanja kapansipansi popanda kiyibodi popanda ng'oma. Pomwepo Emilia amakamba kuti akazi akalakwa amuna ndiwo amayambitsa, nawonso ali ndi maso ndi mtima ngati amuna. Azimayi m'holo adzaimba nthungululu, musadule.

Sini yakupha ikonzeni mosamala kwambiri, ndipo ngati ndi ana a sukulu kambiranani ndi ahedi ndi makolo a mtsikanayo zisanafike. Bedi likhale lokwera, madesiki awiri olimba ndi matiresi pamwamba, mukaika mphasa pansi akumbuyo adzaimirira pa mabenchi. Othello amalowa ndi nyali, gwiritsani tochi kapena kanyali ka sola, kandulo pafupi ndi nsalu ayi. Pilo isakhudze mphuno, mtsikana atembenuzire nkhope kumbuyo kwa siteji, mnyamata kulemera kwake kukhale pa manja ake omwe atsamira matiresi mbali ndi mbali, kugwedezeka konse apange ndi mtsikanayo, ndipo mugwirizane chizindikiro choti akamenya kawiri pamkono mnyamata asiye pomwepo olo pakhale pa show. Malupanga akhale amatabwa osasongoka, zikwanje ndi mipeni yakukhitchini zisalowe m'holo, ndewu ya mumdima ija Iago amabaya Cassio mwendo nkumaliza Roderigo muiyese pang'onopang'ono mukuwerenga wanu, thu, fili mpaka thupi liloweze. Desdemona amatsitsimuka kamphindi Emilia atalowa, afunsidwa kuti wakuchita ndani ayankha kuti palibe, ndine ndekha. Kenako Othello akuti mwamuna wako ndi amene anandiuza, Emilia angobwereza kuti mwamuna wanga, mwamuna wanga, kangapo, ndipo kubwereza kulikonse kukhale kosiyana, koyamba sanamve, kenako sakukhulupirira, komaliza wamvetsa ndipo wakumbuka kahanki.

Liwiro ndi lofunika. Mukawerenga bwino kuchokera pomwe afika ku Cyprus mpaka imfa ndi tsiku limodzi ndi theka chabe, nthawi yoti Desdemona achite chibwenzi palibe nkomwe, ndiye sewero lithamange kuti Othello asapeze mpata woganiza, nawonso oonerera chimodzimodzi. Musaike zosintha siteji zambiri, tebulo, mipando iwiri, bedi, basi. Ndipo chonde mlendo wolemekezeka alankhule musanayambe kapena mutamaliza, osati pakati, ndi kwaya nayonso idikire. Holo zathu zambiri ndi za malata, mvula ikayamba manong'onong'o a Iago onse apita, so ngati mukufuna kulichita pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza a 25 November mpaka 10 December pezani maiki kapena holo ya siling'i, apo ayi June ndi July ndiye abwino. Kumapeto kwa February anthu ali ku Mtenguleni ku Nc'wala, kumapeto kwa August ali ku Mkaika ku Kulamba, musadzipweteke. Pa pulakatisi dayirekita akhale benchi yomaliza, chomwe sakumva iye ndiye kuti palibe adzamve.

Anthu athu saonera drama chete, adzakuwa kuti usamumvere akunama, ena adzamutukwana Iago, agogo ena adzafuna kuuza Desdemona pomwe kahanki kali. Uzani osewera kuti asayankhe ndipo asaseke, adikire phokoso litsike apitirize. Ngati mukufuna zokambirana za nkhanza za m'banja, itanani a Victim Support Unit kapena alangizi adzakambe sewero litatha anthu atapuma, koma musalowetse wapolisi kapena abusa mkati mwa sewero kuti adzapereke phunziro. Komanso musamulembere Iago kulapa. Othello amafunsa kuti n'chifukwa chani wandikola chonchi, Iago ayankha kuti musandifunse kanthu, chomwe mukudziwa mukudziwa, kuyambira pano sindikambanso, ndipo sakambadi mpaka sewero kutha. Safa pa siteji, amuvulaza chabe nkumupereka kwa Cassio amene watsala bwanamkubwa wa Cyprus kuti akamulange. Anthu adzatuluka okwiya nazo, zisiyeni choncho. Powerama kumapeto Desdemona ndi Emilia aime pakati atagwirana manja ndi Iago ndi Othello kuti ana aang'ono aone kuti onse ali moyo, ndipo mnyamata wa Iago muchenjezerenitu kuti dzinalo limukakamira, a njinga za kabaza ndi amayi a pamsika azimuitana choncho kwa miyezi, ngati ali ndi chibwenzi achiitane chidzaonere pulakatisi chisadzadzidzimuke tsiku la show.